Mbiri ya Dr. Aggrey, Mphunzitsi Woyanjanitsa Mitundu

M'midzi ndi m'masukulu mwathu timakomana ndi anthu amene dzina lao ndi Aggrey. Dzinali si la Cicewa, kapena la Ciyao, kapena la Cingoni iai. Linacokera kutali, kumadzulo kwa Africa, ndipo ambiri akulichula sadziwa kuti mwini wace anali yani. Cifukwa cace mwezi uno tifuna kukusimbirani mbiri ya munthuyo. Iye anali mphunzitsi, ndipo phunziro lace lalikuru linali lakuti anthu osiyana khungu, cinenero ndi miyambo angathe kukhalira pamodzi ndi kulandirana, yense alikusunga cimene ali. Phunziroli silibvuta kulinena pakamwa. Tiyeni tione m'mene iye analisungira pamene linamuwawa, ndiponso anthu amene anamthandiza kulisenza.

Kubadwa Kwace

James Emman Kwegyir Aggrey anabadwa pa 18 October, 1875, m'mudzi wa Anomabu, m'mbali mwa nyanja yamcere, m'dziko limene pa masiku aja linachedwa Gold Coast, koma kuyambira caka ca 1957 lichedwa Ghana. Mtundu wace unali wa Afante. Mudzi wa Anomabu unali ndi mbiri yowawa, pakuti kale Azungu anamangapo linga, m'mene anasungira akapolo ambirimbiri asanawakweze m'zombo kunka nao ku America.

Atate wace, Kodwo Kwegyir, anali wolankhulira mfumu. Kwa Afante mfumu siyankhana yokha ndi anthu pabwalo. Inena kwa nduna yace, ndipo ndunayo ipereka mauwo kwa anthu, nitenganso mau a anthu kuwafikitsa kwa mfumu. Nchito yotere ifuna munthu wakumva mbali zonse ziwiri, wosankha mau, wodziwa kuziziritsa mitima pa mlandu. Tiyesa kuti mwanayo anatengera luso limeneli kwa atate wace, pakuti moyo wace wonse anaima pakati pa anthu osamvana.

M'caka ca 1883 anabatizidwa mu mpingo wa Wesleyan, nayamba sukulu m'mudzi waukuru wa Cape Coast. Pambuyo pace mbusa wacizungu, dzina lace Dennis Kemp, anamtenga pamodzi ndi anyamata ena kuti akhale panyumba pace. Pofika zaka ngati 15 anatumidwa kukaphunzitsa yekha ku Abura Dunkwa, mtunda wa mailosi 20 kucokera ku Cape Coast. Ndipo asanakwanitse zaka 23 anali mkuru wa sukulu yomwe ija anaphunziramo.

Ku America

M'caka ca 1898 Bishop John Bryan Small, wa mpingo wa anthu akuda wochedwa A.M.E. Zion, anamthandiza kuoloka nyanja kukaonjezera maphunziro ace. Analowa sukulu yaikuru ya Livingstone College m'mudzi wa Salisbury, ku North Carolina. Sukuluyo inapatsidwa dzinalo kukumbukira David Livingstone, yemwe uja anafika ku nyanja yathu m'caka ca 1859. Aggrey anatsiriza m'caka ca 1902, nakhala mphunzitsi pomwepo kufikira 1920. M'caka ca 1905 anakwatira Rose Douglass, mwana wa anthu akuda a konko, ndipo anabala naye ana 4.

Ukapolo unatha ku America m'caka ca 1865, koma tsankho silinathe. M'maiko a kumwera malamulo analekanitsa akuda ndi oyera pa sukulu, m'sitima ya pamtunda, m'nyumba zodyera, ngakhale kumanda. Mwana wa nduna ya mfumu, amene kwao anthu anamcitira ulemu, anaphunzira tsono kuwawa kwa kuyesedwa wacabe cifukwa ca khungu lokha.

Kuyambira caka ca 1914 anapatsidwanso mipingo iwiri yaing'ono ya kumidzi, Miller's Chapel ndi Sandy Ridge. Akristu ace anali alimi osauka, ambiri olima minda ya eni, omangidwa ndi ngongole. Iye anafika kwa iwo ndi mutu wodzala Cigriki ndi Cilatini, napeza kuti zimenezo sizicotsa njala. Pamenepo anatsika pa mpando wace wa nzeru, nakhala nao pansi, namvetsera zowawa zao. Nawaphunzitsa kusonkha ndarama pamodzi kuti agule zofunika kumunda ndi kudzigulira malo. Kumeneko anaphunzira kuti sungathe kuthandiza munthu usanayambe kumva cimene iye alikumva.

Koma bala lina analilandira kwa abale ace. M'caka ca 1917 mkuru wa Livingstone College anapuma nchito, ndipo Aggrey anayembekeza kulowa m'malo mwace, popeza anatumikira sukuluyo zaka zambiri. Anampitirira, nasankha wina; ndipo cimodzi ca zifukwa cinali cakuti iye anali wobadwira ku Africa, ndiye mlendo. Taonani, akumkanawo anali akuda anzace, amene iwo omwe anadziwa kuwawa kwa kukanidwa. Tisaiwale ici: nthenda ya tsankho siikhala mwa mtundu umodzi wokha, ndipo wosalidwa lero akhoza kusala mnzace mawa.

Ulendo Woyamba

M'caka ca 1920 bungwe la ku America lochedwa Phelps-Stokes Fund linatumiza anthu kudzayendera masukulu a mu Africa. Wotsogolera anali Dr. Thomas Jesse Jones, amene anadziwana kale ndi Aggrey. Ndipo Aggrey ndiye anali mwana wa Africa yekha m'gulumo. Cotero atatha zaka 22 ku cilendo anapondanso dziko la kwao. Anayenda ku Sierra Leone, Liberia, Gold Coast, Nigeria, Congo ndi Angola, nafika ku South Africa m'caka ca 1921.

Pa maulendo otere anzace oyera analandiridwa ponse, koma iye nthawi zina anamanidwa malo ogona ndi malo m'galimoto. Olemba mbiri yace asimba kuti m'sitima ina ya pamadzi anamuikira gome lace payekha, kuti asadye ndi Azungu. Mnzace wina pomumvera cisoni, Aggrey anaseka, namsonyeza kuti amene anataya ndi Azunguwo, popeza iwo ambiri anagawana woperekera zakudya mmodzi, pamene iye anali ndi wace wa iye yekha. Tisayese kuti sizinamlase. Zinamlasa ndithu, koma anatsimikiza mumtima kuti wakumnyozayo sadzamsandutsa munthu wa udani. Ananena kawiri kawiri kuti nchenche zigwidwa ndi zotsekemera koposa ndi zowawasa.

Ku South Africa anapeza akuda ndi oyera alikuopana, osakomana konse koma monga bwana ndi wanchito. Mwa uphungu wa iye ndi wa Dr. Jones, m'caka comweco ca 1921 munayambika m'Johannesburg bwalo limene akuru a mbali zonse ziwiri anakhala pamodzi kukamba za malipiro, nyumba ndi ziphaso. Ndipo mabwalo otere, ochedwa Joint Councils, anafalikira ku midzi yina. Pakati pa akumva Aggrey m'Johannesburg panali mnyamata wa ku Kasungu, Hastings Kamuzu Banda, amene pa nthawiyo anagwira nchito ku migodi. Mau amene anamva anakoleza mwa iye cifuniro ca kukaphunzira ku America, kumene anamuka m'caka ca 1925.

Mafanizo Ace Awiri

Monga akuru a pabwalo, Aggrey anaphunzitsa ndi mafanizo, ndipo awiri a iwo akumbukika kufikira lero.

Loyamba ndi la limba, longa lija liyimbidwa m'machalichi ena. Limba liri ndi timatabwa tondandalikana ngati mano, ena oyera, ena akuda. Iye anati munthu akhoza kuliza kanyimbo pa mano oyera okha, akhozanso kuliza kena pa akuda okha. Koma wofuna nyimbo yokoma, ya mau ogwirizana, ayenera kuliza onse pamodzi. Zindikirani kuti sanati dzino lakuda lipakidwe njereza kuti lifanane ndi loyera. Limba la mau amodzimodzi silikadakhala limba. Kukoma kwa nyimbo kucokera m'kusiyana komweko.

Laciwiri ndi la ciombankhanga. Munthu wina anagwira mwana wa ciombankhanga, namlera m'khola la nkhuku, kufikira mbalameyo inazolowera kutola zakudya pansi. Mlendo wodziwa mbalame anaikweza padzanja kuti iuluke, koma inaona nkhuku zirikudya, nitsika. Anaikweza padenga, nitsikanso. Tsiku lacitatu anaitengera kuphiri mbanda kuca, naipenyetsa dzuwa lirikuturuka. Pamenepo inatambasula mapiko ace, niuluka, osabweranso. Ndi fanizoli anauza ana a Africa kuti asadziyese nkhuku cifukwa ena anawauza tero. Iye mwini ananyadira khungu lace, nanena poyera kuti akadapatsidwa mwai wa kubadwanso sakadasankha kukhala woyera.

Mafanizo awiriwa ayenera kugwidwa pamodzi. La ciombankhanga liletsa munthu kudzipeputsa; la limba limletsa kupeputsa mnzace. Wakusunga loyamba lokha asanduka wodzikuza, ndipo wakusunga laciwiri lokha asanduka wogonjera ciri conse.

Afika ku Nyasaland

M'caka ca 1924 bungwe lomwe lija linatumizanso gulu lace, tsopano kum'mawa ndi pakati pa Africa. Anayendera Ethiopia, Kenya, Uganda, Tanganyika ndi maiko a Rhodesia, nafikanso kuno kwathu, kumene pa masiku aja kunachedwa Nyasaland. Panali patapita zaka 9 zokha cicitikire nkhondo ya John Chilembwe ya m'caka ca 1915; ndipo popeza Chilembwe anaphunzira ku America, Azungu ambiri anakayikira munthu wakuda ali yense wocokera kumeneko. Koma anthu athu anazizwa kuona wakuda mnzao alikuyenda ndi Azungu monga mnzao, nalankhula pamaso pao wopanda mantha. Makolo ambiri m'maiko ano anacha ana ao dzina lace.

Pa nthawiyo masukulu a dziko lino anali m'manja mwa misyoni, ndipo Boma linangothandiza ndi ndarama pang'ono. Atapereka alendowo mau ao, Boma linakhazika cigawo cace coyang'anira maphunziro m'caka ca 1926. Ndipo m'caka ca 1929 linatsegula sukulu ya Jeanes ku Domasi, kumene aphunzitsi anadza pamodzi ndi akazi ao kudzaphunzira kutukula midzi.

Sukulu ya Achimota

Nchito yace yotsiriza inali kwao. Bwanamkubwa wa Gold Coast, Sir Gordon Guggisberg, anafuna kumanga sukulu yaikuru pa citunda ca Achimota, pafupi ndi Accra. Anaitana Rev. Alexander Fraser, mbusa wa ku Scotland amene anatsogolera sukulu ku Ceylon zaka zambiri, kuti akhale mkuru wace. Ndipo Aggrey anaikidwa mmodzi wa aciwiri ace.

Atafika aphunzitsiwo ku Accra m'caka ca 1924, panacitika cinthu cimene tifuna mucisunge. Nyumba imene anawakonzera inali ku dera la Azungu, ndipo anthu ena a Boma anafuna kuti Aggrey akagone kwina. Apa kuseka kwa Aggrey sikukadathandiza kanthu. Amene anaimirira ndi Fraser: anakana ndithu kuti aphunzitsi ace alekanitsidwe, natenga Aggrey kugona naye m'cipinda cimodzi. Anadziwa kuti sukulu yoyamba ndi tsankho pakati pa aphunzitsi siingathe kuphunzitsa ana umodzi.

Anthu ambiri a dzikolo anakayikira sukuluyo, poyesa kuti ndi msampha wa Boma wakuwapatsa maphunziro ocepa. Aggrey anayenda m'midzi, nalankhula ndi mafumu ndi makolo, kufikira anabvomera kupereka ana ao. Analimbikira kwambiri kuti atsikana alowe pamodzi ndi anyamata, pakuti anaona kuti mwamuna wophunzira akweza mutu umodzi, koma mai wophunzira akweza nyumba yonse. Pa sukuluyo ana a mitundu yosiyana anadya ndi kugona pamodzi. Anaphunzira Cingelezi, koma anaphunziranso zinenero za kwao, ndizo Twi, Fante, Ga ndi Ewe. Ndipo ng'oma ndi magule a mitundu yao zinaloledwa pabwalo la sukulu, kuti mwana asacite manyazi ndi kwao, ndiponso aphunzire kulemekeza kwao kwa mnzace.

Sukuluyo inatsegulidwa pa 28 January, 1927. Cizindikiro cace, cimene ophunzira abvala pacifuwa, ndico mano a limba, akuda ndi oyera. Mmodzi wa anyamata amene anakopeka ndi mau a Aggrey pa masiku amenewo anali Kwame Nkrumah, amene anatsogolera dzikolo ku ufulu m'caka ca 1957.

Imfa Yace

Aggrey sanaone zipatso za mtengo umene anaoka. M'caka comweco anaolokanso nyanja kukaona banja lace ndi kutsiriza buku la maphunziro ace a ku Columbia. Ali ku New York anagwidwa ndi nthenda youmitsa khosi, namwalira m'cipatala ca ku Harlem pa 30 July, 1927, ali ndi zaka 51. Anamuika ku Salisbury, kumene anaphunzitsa zaka zambiri. Mwana wace wotsiriza, Orison Rudolph, anali wa caka cimodzi pa imfa ya atate wace. Atakula anakhala kazembe wa America ku Senegal ndi ku Romania.

Akumtsutsa

Sitingasimbe mbiri iyi moona tikabisa kuti anthu ena anzeru anatsutsana ndi njira yace. Dr. W. E. B. Du Bois, wakuda wophunzira wa ku America, anatsutsa maphunziro amene Dr. Jones anawalimbikitsa, poona kuti afuna kusunga wakuda pa khasu ndi pa nchito ya manja, osamlola kukwera. Otsata Marcus Garvey anayesa Aggrey wofatsa mopitirira, wokondweretsa atsamunda. Ndipo nzoona kuti Azungu ena anakonda fanizo la limba cifukwa analimva monga ngati liuza wakuda kukhala cete pamalo pace. Nzoonanso kuti mabwalo aja a ku South Africa sanaletse tsankho; m'caka ca 1948 linakhwima koposa, ndipo silinagwe kufikira 1994, anthu ambiri atamangidwa ndi kufa.

Tsono tinene ciani? Ife tiona kuti kufatsa kwa Aggrey sikunali mantha, pakuti munthu wamantha sauza anthu olamulidwa kuti ali ziombankhanga. Koma tionanso kuti kupirira kwa wonyozedwa sikukwanira pa kokha. Cala cimodzi siciswa nsabwe. M'sitima muja Aggrey anapulumutsa mtima wace, koma gome lija linakhalabe palokha, cifukwa panalibe wina wakunyamuka kukadya naye. Ku Accra kunapezeka wakunyamuka, ndipo mpanda unagwa. Kulandirana ndi katundu wa anthu awiri: wokanidwa akane kudana, ndipo wolandiridwa akane kukhala pabwino yekha.

Phunziro kwa Ife

Nkwapafupi kuwerenga izi ndi kuloza cala Azungu a kale. Koma tikumbuke cimene cinacitika ku Livingstone College, ndipo tidziyese tokha. M'dziko lathu muli Acewa, Ayao, Angoni, Alomwe, Atumbuka, Atonga, Asena ndi ena. Muli Akristu a mipingo yambiri, ndi Asilamu. Pamene Alomwe anadza kucokera ku Mozambique kudzagwira nchito m'minda ya ku Mulanje ndi ku Thyolo, anawacha maina onyoza si Azungu okha, komanso akuda anzao. Kodi gome lapayekha lija mulibe m'midzi mwathu?

Inu aphunzitsi, taunguzani m'sukulu mwanu. Muli mwana wolankhula Cinyanja ndi lilime la kwao, ndipo anzace amseka. Muli wacibwibwi, amene waleka kukweza dzanja. Muli wosamva bwino, amene mumuyesa wopusa. Muli wa khungu lacialubino, amene maso ace saona patali, ndipo dzuwa limtentha. Muli wopunduka mwendo, wotsalira pa masewera; muli wamasiye wa zobvala zong'ambika; muli mtsikana amene alongo ace amuuza kuti sukulu si yace. Wosamva ndi wosaona bwino muwaike patsogolo. Wacibwibwi mumlinde atsirize mau ace, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha. Mwana wa mlendo mumpemphe aphunzitse anzace moni wa kwao ndi nthano ya kwao, kuti cimene anamseka naco cikhale cimene amlemekeza naco. Paja mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Ndipo akasekedwa mwana, musangolanga wosekayo, koma mumfunse m'mene iye akadamvera akadakhala mlendo ku mudzi wa eni. Ana aphunzira cifundo monga aphunzira kuwerenga, ndiko kuti pang'ono pang'ono, poona mphunzitsi alikucita.

Inu makolo, mwana sabadwa ndi dzina lonyoza m'kamwa mwace. Alimva pamoto madzulo. Cenjerani ndi m'mene muchulira anthu a mtundu wina ndi a cipembedzo cina, pakuti timakutu tating'ono tirikumva. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Ndipo inu ana a sukulu, amene muli ndi abwenzi ambiri, amene palibe wakukusekani, nchito ya Fraser ndi yanu. Musalinde kuti wosalidwayo adzipiririre yekha. Mawa pa nthawi ya kupuma, penyani amene wakhala payekha kuseri kwa sukulu. Nyamulani cimanga canu cokazinga, mukakhale naye, mudye pamodzi.